Mmene mungasamalire nkhuku yodwala imene yaleka kudya yokha

Nkhuku imabisa matenda kwa nthawi yaitali, choncho ikafika pongokhala ndwii pakona, nthenga zitanyankhalala, mapiko atagwa, osathamangira madeya pamene zinzake zikulimbirana, dziwani kuti inayamba kudwala masiku angapo apitawo. Choyamba ndi kuichotsa pakati pa zinzake, chifukwa nkhuku zimajompha inzawo yofooka, komanso matenda ambiri amafala kudzera m'zitosi ndi m'madzi omwera pamodzi. Iikeni m'dengu kapena m'katoni momwe mwayalamo udzu wouma kapena nsanza, pamalo a phee, ofunda, opanda mphepo. Thupi la nkhuku limatentha pafupifupi madigiri 41, ndipo imene yasiya kudya imazizidwa msanga, makamaka m'miyezi ya June ndi July. Botolo la madzi ofunda lokulungidwa m'chinsalu, loikidwa pambali pake, limathandiza. Musaisendeze pafupi ndi mbaula, popeza utsi umaipweteka.

Madzi ndiwo ayenera kutsogola. Nkhuku ikhoza kupirira njala kwa masiku angapo, koma kusowa madzi m'thupi kumaipha mofulumira, makamaka ngati ikutsegula m'mimba. Sungunulani masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi owiritsa amene azizira, kapena gwiritsani ntchito paketi ya Thanzi ORS monga mwa malangizo ake. Yambani mwaviika nsonga ya mlomo wake m'madziwo, pakuti nkhuku zina zikamva kunyowa zimayamba kumwa zokha, ndipo zikatero ntchito yapepuka.

Ikakana, m'pamene muyenera kuimwetsa, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amapha nkhuku imene amafuna kuipulumutsa. Mukatsegula mlomo wa nkhuku, kumbuyo kwa lilime mudzaona kabowo kamene kamatseguka ndi kutsekeka ikamapuma. Kabowoko ndi khomo la njira ya mpweya, pamene njira ya chakudya imadutsa chakumbali, kudzanja lamanja la nkhukuyo. Munthu akaipendeketsa mutu chagada n'kuithira madzi ambiri pakati pa kamwa, madziwo amalowa m'mapapo, nkhuku n'kutsamwa pomwepo kapena kufa mawa lake. Njira yabwino ndi iyi: ikulungeni m'chitenje kuti mapiko asakupize, ikhazikeni pamiyendo panu ili chilili, mutu wake uli mmene umakhalira masiku onse, kenaka donthezani dontho limodzi m'mbali mwa mlomo pogwiritsa ntchito sirinji yopanda singano kapena supuni yaing'ono. Dikirani mpaka muone kuti yameza musanaike dontho lina. Supuni imodzi kapena ziwiri pa nthawi imodzi n'zokwanira, ndipo muzibwereza pakapita ola limodzi kapena awiri. Ikayamba kutsokomola kapena kupukusa mutu mwamphamvu, lekani kaye ipume. Nkhuku imene yalefukiratu moti siingathe kudzutsa mutu musaithire kanthu m'kamwa. Ifunditseni, ndipo muyesenso ikatsitsimuka.

Musanaipatse chakudya, papasani chithokomiro chake, kathumba kamene kali pansi pa khosi chakumanja kwa chifuwa. M'mawa chithokomiro cha nkhuku yabwinobwino chimakhala chopanda kanthu. Mukachipeza chili cholimba ngati mwala, ndiye kuti chakudya chatsekeka, kawirikawiri chifukwa cha udzu wautali kapena tizidutswa ta pulasitiki. Ipatseni madzi, muzichisisita pang'onopang'ono, ndipo musaonjezere chakudya mpaka chitaphwa. Chikakhala chofewa ngati chibaluni cha madzi, m'kamwa mukutuluka fungo losasa, musaizondotse pofuna kuti isanze, chifukwa masanziwo amatha kulowa m'njira ya mpweya ija.

Chithokomiro chikakhala chopanda kanthu ndipo nkhuku yamwa bwino kwa maola angapo, konzani chakudya chofewa. Phala la mgaiwa losakaniza ndi chikasu cha dzira lophika ndi labwino kwambiri, ndipo mukhoza kuthiramo usipa wosinja wopanda mchere wambiri. Amene ali ndi chakudya cha anapiye chogula angochinyowetsa ndi madzi ofunda. Madeya okha sakwanira kudzutsa nkhuku yofooka. Umbani timibulu tating'ono ngati njere ya chimanga, tsegulani mlomo mofatsa ndi chala, ikani kambulu kamodzi kutsogolo kwa lilime, ndipo muisiye imeze yokha. Chitani zimenezi kanayi kapena kasanu pa tsiku, mukumasiya mbale ya chakudya ndi madzi pafupi, popeza tsiku limene idzajompha yokha ndilo mudzayamba kuchepetsa kuidyetsa. Phala lotsala litayeni, chifukwa limasasa msanga kukatentha.

Kudyetsa kumangoisunga ndi moyo, sikuchotsa chimene chaidwalitsa. Yang'anani pansi pa mapiko ngati pali utitiri kapena nsabwe, m'kamwa ngati muli zilonda, ndi zitosi ngati muli magazi kapena nyongolotsi, ndipo zimene mwaona mukafotokozere mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu kuti akuuzeni mankhwala oyenera. Makapisozi a anthu amene ambiri amathira m'madzi a nkhuku nthawi zambiri amangowononga ndalama. Ikalandira mankhwala, funsani masiku oyenera kudikira musanadye mazira kapena nyama yake.

Mukaona zitosi zobiriwira, kupuma movutika, khosi lopindika, ndipo nkhuku zingapo zikugwa motsatizana, makamaka m'nyengo yotentha, mwina chimenecho ndi chitopa, chimene ena amati chideru. Matendawa alibe mankhwala ochiza. Chimene chilipo ndi katemera wa I-2, wodonthezera m'diso miyezi inayi iliyonse, ndipo amaperekedwa kwa nkhuku zimene sizinadwale. Mukaona zizindikiro zimenezi dziwitsani mlangizi msanga, musagulitse kapena kupatsa mnansi nkhuku za m'khola limenelo, ndipo zakufa zikwirireni mozama kapena kuziwotcha. Muzisamalira nkhuku zabwino poyamba, yodwala pomalizira, kenaka musambe m'manja ndi sopo. Imene yachira ikhalebe payokha kwa milungu iwiri isanabwerere m'khola.