Momwe mungagulire nyumba yakale mu Lusaka, kuikonza ndi kuikamo anthu a lendi

Nyumba yoti mugule mu Lusaka muzikaiona mu Januwale kapena Febuluwale, mvula ili pachimake, chifukwa mu Okutobala nyumba iliyonse imaoneka yabwino. Mzinda uno ndi wathyathyathya, uli pamiyala ya laimu, ndipo madzi apansi ali pafupi. N'chifukwa chake ku Kanyama, ku Misisi ndi mbali zina za Chawama madzi amalowa m'nyumba pafupifupi chaka chilichonse. Ngati mukuona m'chilimwe, yang'anani kumunsi kwa makoma. Penti yatsopano yolekeza m'maondo imakhala ikubisa chinyezi. Funsaninso aneba wogulitsayo palibe.

Mukaikonda, ndalama zisatuluke kaye. Malinga ndi lamulo la malo la 1995, malo onse m'Zambia ali m'manja mwa Pulezidenti, choncho chimene mukugula ndi lizi, kutanthauza kubwereka malowo ku boma, kawirikawiri kwa zaka 99. Tengani nambala ya puloti mukafufuze ku Lands and Deeds Registry, ku Unduna wa Malo. Kumeneko mudziwa mwini wake weniweni, komanso ngati nyumbayo inaikidwa chikole ku banki kapena wina anailetsa kugulitsidwa. Dzina la pa taito, chikalata cha umwini wa malowo, lifanane ndi la pa NRC ya amene akukugulitsani. Nyumba zamasiye ndizo zimavuta kwambiri: mwana mmodzi amagulitsa, mawa abale ena asanu ali pageti. Wogulitsa akuonetseni kalata zomusankha kuyang'anira chuma cha malemu, ndi chilolezo cha khoti chogulitsira.

M'makomboni ambiri mulibe taito ya ku unduna. Chilipo ndi occupancy licence, chilolezo chokhala pamalopo kwa zaka 30 chochokera ku khonsolo, ndipo kaundula wake mukamuone ku maofesi a khonsolo ku Civic Centre. Nyumba zoterezi n'zotchipa ndipo a lendi sasowa, koma mabanki sazikonda ngati chikole. Puloti yogawidwa ndi makada a chipani, ya kalata yolemba pamanja, isiyeni ngakhale mtengo utakoma chotani.

Loya musamuthawe poopa kumulipira. Ndiye amalemba mgwirizano, kusunga ndalama mpaka mapepala atatha, ndi kuonetsetsa kuti chilolezo cha boma chosinthira dzina chatuluka. Msonkho wosinthira umwini, wopita ku ZRA, bungwe lotolera misonkho, unakwera kuchoka pa 5 kufika pa 8 peresenti mu Januwale 2025. Lamulo limauika pa wogulitsa, komabe mulembe bwino za amene alipire. Ngongole za ground rent (lendi ya malo yopita ku boma), ma rates (msonkho wa nyumba) a khonsolo ndi madzi a Lusaka Water zithe musanalandire makiyi.

Tsopano kukonza. Ambiri amathamangira matailosi ndi siling'i yamakono, denga likudontha. Yambani ndi malata, kenako mawaya a malaiti, mapaipi, ndi dzenje la chimbudzi ngati kulibe suweji. Dzenjelo litalikirane ndi chitsime, poti miyala ya kuno ili ndi ming'alu ndipo zonyansa zimayenda msanga pansi. Kolera ya 2023 ndi 2024 tonse tikuikumbukira. Thanki ya madzi, ndi sola yaing'ono ngati thumba likulola, zimakopa a lendi kuposa penti, makamaka chichitikireni kuzima kwa malaiti kwa 2024 pamene madzi anachepa ku Kariba. Khomo lililonse likhale ndi mita yakeyake ya ZESCO. Mita imodzi ya mabanja anayi ndi mkangano wa mwezi ndi mwezi. Ngati mukuwonjezera zipinda kumbuyo, pulani ivomerezedwe ndi khonsolo kaye. Simenti gulani nokha, ndipo womanga muzimulipira akamaliza gawo. Mafelemu ndi mageti, owotcherera a ku Kalingalinga mumsewu wa Alick Nkhata amapanga, mungoyerekeza mitengo.

Konzani molingana ndi amene adzakhalemo. Kufupi ndi UNZA ophunzira amafuna bedi, madzi ndi intaneti. Banja la ku Chalala kapena Chelstone limayang'ana mpanda ndi poimika galimoto. Khichini ya kumayadi mukaiika m'komboni, lendi yake siidzabweza ndalamazo.

Wolowa asaine pangano, ngakhale akhale wa kutchalitchi kwanu: lendi zingati, tsiku lolipira, dipoziti, notisi, ndi amene akonze chikaonongeka. Jambulani zipinda asanalowe, ndipo lendi izibwera pa banki kapena pa foni kuti umboni ukhalepo. Ndalama ya lendi imakhomeredwa msonkho, choncho TPIN yanu, nambala yolipirira msonkho, ikhale yolembetsedwa ku ZRA. Wina akasiya kulipira, musachotse chitseko kapena kutaya katundu wake panja. Mpatseni notisi yolemba, ndipo akakana kutuluka nkhaniyo ipite kukhoti.