Kusankha mtundu wa bizinesi kapena bungwe mukakhala kunja kwa Malawi

Amalawi ambiri okhala ku South Africa, ku United Kingdom ndi ku America amayamba bizinesi mwakachetechete, ndipo za mtundu wa bizinesiyo pamaso pa lamulo amaziganizira mochedwa, pamene banki yakana kuwatsegulira akaunti kapena pamene angongole afika pakhomo. Funso loyenera kutsogolera posankha ndi lakuti, bizinesi ikagwa m'ngongole kapena ikasumiridwa kukhoti, katundu amene adzalandidwe ndi wa yani.

Musanafike pamenepo, yang'anani kaye chiphaso chimene mukukhalira m'dzikolo, chifukwa kulembetsa kampani sikupatsa munthu ufulu wokhala kapena kugwira ntchito m'dziko la eni. Ku United Kingdom munthu amene ali pa viza ya maphunziro saloledwa kudzilemba yekha ntchito, pomwe ku South Africa viza ya bizinesi nthawi zambiri imafuna kuti munthu aike mpamba wa R5 miliyoni.

Njira yosavuta kuposa zonse ndiyo kuchita malonda m'dzina lanu, imene ku United Kingdom amaitcha sole trader ndipo ku South Africa amaitcha sole proprietor. Ku United Kingdom, ngati ndalama zolowa zapitirira £1,000 m'chaka cha msonkho, chimene chimayamba pa 6 Epulo, muyenera kulembetsa ku HMRC, bungwe lotolera misonkho la kumeneko, pasanadutse pa 5 Okutobala chakacho chitatha. Ku South Africa phindu lanu mumaliulula ku SARS, bungwe lotolera misonkho la kumeneko, pamodzi ndi ndalama zina zonse zimene mumapeza. Mapepala ake ndi ochepa, koma inu ndi bizinesiyo ndinu chinthu chimodzi, moti ngongole ya bizinesi ingathe kukutherani galimoto ndi ndalama zonse zimene munasunga.

Anthu awiri kapena oposerapo akayamba malonda pamodzi popanda kulembetsa kampani, lamulo limawaona ngati partnership, ngakhale iwowo sanalitchulepo dzinali. Apa ndi pamene abale ndi mabwenzi ambiri amadanirana. Ngongole imene mnzanu watenga m'dzina la bizinesi ndi yanunso, kaya munavomereza kaya simunamve n'komwe. Lamulo la ku United Kingdom la chaka cha 1890 limanenanso kuti ngati panalibe mgwirizano wina, phindu ligawidwe mofanana, ngakhale mmodzi anaika mpamba waukulu kuposa mnzake. N'chifukwa chake ndimalangiza kuti chilichonse chilembedwe: mpamba wa aliyense, kagawidwe ka phindu, amene asaine ku banki, ndi zimene zidzachitike wina akamwalira kapena akabwezedwa kumudzi mwadzidzidzi. Kulemba si kukayikira mbale wanu, koma kuteteza chibalecho.

Kampani ndi yosiyana, popeza lamulo limaitenga ngati munthu payokha, wotha kukhala ndi katundu, kukongola ndi kuyankha mlandu m'dzina lake. Ku South Africa kampani yotere imalembetsedwa ku CIPC, ofesi ya boma yolembetsa makampani, potsatira lamulo la makampani la 2008 ndipo dzina lake limatha ndi Pty Ltd. Munthu mmodzi angathe kukhala mwini masheya komanso dairekitala. Wina akakuuzani kuti mutsegule close corporation yatsopano, mtundu wakale wa kampani yaing'ono ku South Africa, dziwani kuti izo zinaleka kulembetsedwa pa 1 Meyi 2011. Ku United Kingdom mumalembetsa ku Companies House, kumene maina a madairekitala amaoneka kwa aliyense, ndipo ku America ambiri amasankha mtundu wa kampani wotchedwa LLC, imene imalembetsedwa ku boma la chigawo chimene mukukhala, kenako nambala ya msonkho ya bizinesiyo imatengedwa ku IRS, bungwe lotolera misonkho la dzikolo.

Chitetezo cha kampani chili ndi malire amene anthu ambiri sawadziwa. Ndalama za kampani si zanu, ndipo kuzitapa ngati za m'thumba mwanu kumabweretsa mavuto a msonkho. Malipoti a chaka ndi chaka ayenera kuperekedwa ngakhale malonda sanayende, apo ayi kampani imafufutidwa m'kaundula. Mukasainira banki kapena mwini nyumba kuti kampani ikalephera mudzalipira ndinu, ndiye kuti pa ngongole imeneyo chitetezo chija mwachichotsa nokha. Choopsa kwambiri ndi chizolowezi cholembetsa kampani m'dzina la nzika ya dzikolo pofuna kuzemba vuto la mapepala. Pamaso pa lamulo mwini wake ndi amene dzina lake lili m'kaundula, ndipo tsiku limene mudzakangane mudzasowa pogwira, kuwonjezera pa mlandu wopereka uthenga wabodza ku boma.

Mabungwe a Amalawi osonkha ndalama za maliro ndi zotumizira thupi kumudzi afunika kusamala mwapadera, chifukwa ambiri amasunga chuma chonse mu akaunti ya msungichuma. Iye akamwalira, ndalamazo zimawerengedwa ngati chuma chake chamasiye mpaka mutapereka umboni wotsutsa. Bungwe lotere likhale ndi malamulo olembedwa, akaunti ya m'dzina lake, ndi anthu osachepera awiri osaina. Ku South Africa mungathe kulembetsa ku CIPC kampani yosachita phindu (NPC), imene imafuna madairekitala atatu, kapena kulembetsa bungwe lanu ngati bungwe losachita phindu (NPO) ku Department of Social Development, koma kukhululukiridwa msonkho kumapemphedwa padera ku SARS. Ku England ndi ku Wales, bungwe lachifundo limene ndalama zake zapitirira £5,000 pachaka liyenera kulembetsa ku Charity Commission, koma gulu lothandiza mamembala ake okha nthawi zambiri siliwerengedwa ngati lachifundo, popeza lamulo limafuna kuti phindu lifikire anthu wamba. Amene akufuna kuchita malonda othandiza anthu a m'dera ku United Kingdom angaganizire za mtundu wa kampani wotchedwa CIC, umene unayamba mu 2005.

Pomaliza pali bizinesi imene mumatumizira ndalama kumudzi kuti achibale aziyendetsa. Ku Malawi kulembetsa dzina la bizinesi ku boma sikupanga kampani, ndipo mwini wake amakhala amene analembetsayo. Ngati mpamba ndi wanu, lembetsani kampani potsatira lamulo la makampani la 2013, dzina lanu lioneke pa masheya, mbale wanu akhale dairekitala woyendetsa ntchito za tsiku ndi tsiku, ndipo nambala ya msonkho ya ku MRA ndi akaunti ya ku banki zikhale m'dzina la kampaniyo kuti muzitha kuona nokha ndalama zolowa ndi zotuluka muli komwe muliko.