Mwana akuthawa buku? Yesani izi pakhomo

Ambirife timangoti ana a masiku ano ndi aulesi, foni ndi makatuni basi. Komatu nkhaniyi inayambira kutali, chibwerere pulayimale yaulere mu 1994 makalasi anadzadza mpaka ena kumaphunzirira pansi pa mtengo, buku limodzi kulimbirana ana angapo, ndiye mwana amatha kufika Sitandade 4 akungoloweza osatha kulumikiza zilembo. Woteroyo buku angalikonde bwanji?

Ndiye poyamba muyeseni kaye. Lembani pansi ndi khala ba be bi bo bu, kenako "bambo", muone ngati akulumikiza kapena akungolota. Akamakakamira bwererani ku maphatikizo omwewo, mphindi 15 zokha mukatha kudya nsima, osati ola lonse ayi atopa.

Mabuku kudula musadandaule nazo. Paketi ya shuga, pepala la sopo, chikwangwani cha minibasi, zonsezo ndi zowerenga. Ine wanga ndimamupatsa foni kuti andiwerengere meseji ya agogo ake pa WhatsApp, amachita kunyada ngati wapatsidwa udindo. Yambani ndi Chichewa, Chingerezi chibwera pambuyo. Amene muli ku Lilongwe, Blantyre kapena Mzuzu kuli National Library Service, mupite naye akasankhe yekha buku la zithunzi.

Akalakwitsa chonde osamukalipira kapena kumuseka pamaso pa anzake, amangodana nazo. Komanso inuyo azikuonani mukuwerenga, kaya nyuzi kaya Baibulo, osati muzimuuza "tawerenga iwe" maso anu ali pa TikTok.