Firiji yasiya kuziziritsa? Musathamangire kuthira gasi

Ambiri a ife kuno ku Joni firiji yoyamba sitinaigule m'sitolo. Tinapatsidwa ndi abwana atagula yatsopano, kapena tinaiombola kwa mnzathu wobwerera kumudzi, ndipo zaka zake palibe anatiuza. Ndiye tsiku lina mukutsegula, mkaka wasasa, nkhuku ija munagula mutalandira yafeweratu, ikuchucha madzi ofiira. Aliyense pa yadi adzakuuzani mawu amodzi: gasi watha. Ine ndinawamvera. Ndinalipira munthu wina wa chikwama cha zida kawiri konse, ndipo kawiri konseko firiji inazizira milungu itatu n'kuyambiranso zomwe zija.

Gasi wa m'firiji sali ngati wophikira, amene amatha mukamagwiritsa ntchito. Amangozungulira m'mapaipi otsekeka, zaka ndi zaka. Akachepa ndiye kuti penapake pabooka, ndipo kuthira wina osatseka pobookapo n'kutungira madzi m'lichero. Komanso mafiriji ambiri amene amanamiziridwa gasi vuto lake limakhala lina, lotchipa, nthawi zina losafuna n'khobiri lomwe.

Yambani mwadziwa kuti ikutenthadi bwanji, pakuti dzanja limanama. Gulani ka thermometer, kaikeni m'tambula ya madzi pa shelefu yapakati, kagone momwemo. Mbali ya firiji isapitirire madigiri 5, ya firiza ikhale pa -18. Manambala a pa kogudumuza kosinthira kuzizira kaja si madigiri ayi. Pa mafiriji ambiri 5 amazizira kuposa 1, ndipo mwana kapena poto akhoza kukasuntha inu osadziwa.

Kenako labala wa pachitseko. Panani pepala ndi chitseko, mulikoke. Likamatuluka mosavuta, mpweya wotentha ukulowera pamenepo. Yesani m'mbali zonse, makamaka pansi pamene pamamatirira msuzi ndi nyenyeswa. Nthawi zambiri madzi ofunda ndi sopo zimakwana. Labala wopindika amawongoka mukamutenthetsa pang'ono ndi choumitsira tsitsi. Wong'ambika ngofunika wina. Onaninso ngati babu ya m'kati imazimadi: yatsani kamera ya foni, ikani foniyo m'firiji, tsekani, muone kanemayo. Babu yoyaka usiku wonse imafunditsa firiji yaing'ono.

Tsopano izuleni pa soketi, muikoke, muone kumbuyo. Timapaipi takuda tija ndi timene timatulutsa kutentha. M'zipinda zathu zakuserizi malo ndi ochepa, choncho firiji timaikanikizira kukhoma, pambali pake pali sitovu ya mapuleti awiri, pamwamba tasanjikiza zikwama za katundu wodikira ulendo wa Disembala. Ipuma bwanji? Sesani fumbi ndi bulashi yofewa, siyani mpata woti dzanja lilowe pakati pa firiji ndi khoma, sitovu isamuke. Yanga ija nditaikoka ndinapeza fumbi lagwirana ngati bulangete, pakati pake pali sokosi ya mwana imene tinaifunafuna chaka chathunthu.

Pali vuto lina limene limasokoneza anthu: firiza ikuumitsa bwinobwino koma mbali ya firiji ikutentha. Izi zimachitika kwambiri pa mafiriji olembedwa kuti frost free. Kuzizira konse kumapangidwa kuseri kwa khoma la m'firiza, ndipo kafani ndi kamene kamakankhira mpweyawo ku mbali inayo. Mukapanikiza matumba a nyama ndi nsomba mpaka kutseka timabowo, mpweya sudutsa. Tcherani khutu. Fani ikakhala chete, kapena ikamamveka ngati ikupala kanthu, ndiye kuti ayezi waunjikana kuseriko. Mankhwala ake ndi kuleza mtima: sungitsani ndiwo kwa aneba, zimitsani firiji, siyani zitseko zotsegula maola 24 mpaka 48, mutayala matawulo pansi. Ikayambiranso bwino koma n'kubwereza pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, chafa ndi kachipangizo kosungunula ayezi, heater yake kapena sensa. Mmisiri amasintha zimenezi osakhudza gasi n'komwe.

Chonde abale, mpeni ayi. Sikuludiraiva ayi. Mapaipi a m'firiza ndi a aluminiyamu wopyapyala, mukangomva "psss" firiji yapita. Ndipo mafiriji ambiri a masiku ano ali ndi gasi wa R600a, amene amayaka moto. Akale ndiwo ali ndi R134a. Dzina la gasi limalembedwa pa kachikwangwani m'kati kapena pa kompulesa. Mukabowola mwangozi, tsegulani mawindo, osayatsa machesi, kandulo kapena sitovu.

Kompulesa ndi chimphika chakuda chija chili pansi kumbuyo, chimene chimapopa gasi kuti azizungulira m'mapaipi. Ikamang'ung'uza timasekondi tochepa, n'kumveka "tchee", n'kukhala zii, n'kubwerezanso pakapita mphindi zingapo, kawirikawiri wolakwa ndi relay, kabokosi kakang'ono kolumikizidwa m'mbali mwake, kothandiza kompulesa kuyamba kuyenda. Firiji ili yozula, mmisiri akakachotsa n'kukagwedeza, kofa kamalira ngati muli timiyala. Mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi kompulesa, choncho musalole kuuzidwa kuti kompulesa yafa asanayese kameneka. Kuthimathima kwa magetsi pa load shedding kumapha tizipangizo timeneti. Magetsi akathima zulani pulagi, akabwera dikirani mphindi zisanu kapena kuposerapo. Kapena gulani fridge guard, imene imadikira yokha. Ndipo firiji ikhale ndi soketi yakeyake. Ekisitenshoni imodzi yodyetsa ketulo, heater ndi firiji ndi moto wodikira tsiku.

Inu a ku UK muli ndi lanu lapadera. Mumaika firiji yachiwiri m'galaja kuti musungemo chambo ndi nyama zogula kamodzi, ndiye mu Januwale mumapeza zonse zasungunuka, kunja kukuzizira koopsa. Firiji sinawonongeke. Mafiriji ambiri otchipa ali ndi thermostat (yoyeza kuzizira n'kumayatsa kapena kuzimitsa kompulesa) imodzi yokha, ili mbali ya firiji. M'galaja mukazizira kwambiri iyo imaona ngati ntchito yatha, kompulesa siyaka, firiza n'kufunda. Pa kachikwangwani kaja pali zilembo: SN imafuna chipinda cha madigiri 10 mpaka 32, N 16 mpaka 32, ST 16 mpaka 38, T 16 mpaka 43. Ilowetseni m'nyumba basi. Ngakhale ku Johannesburg, firiji ya pakhonde kapena mu mkhukhu wamalata imachita zomwezi usiku wa mu Juni ndi Julayi. Ngati firijiyo munaipeza m'nyumba ya lendi, werengani pangano lanu ndi kuuza eni nyumba musanaitane aliyense.

Gasi mumukayikire pokhapokha zonsezi mutaziona: kompulesa ikuyenda osapuma, timapaipi takumbuyo sitikufunda, ayezi wagwira pakona imodzi yokha, mwinanso pali mafuta pa mfundo ya paipi. Mmisiri mumufunse kuti, "Bambo, pabooka pati?" Akapanda kukusonyezani, ndalama ikhale m'thumba. Pobooka pakakhala m'kati mwa makoma a firiji, kunena zoona ndi bwino kungofuna ina.

Pamene mukufufuza zonsezi, chitseko chisamatsegulidwe wamba. Firiji yotseka imasunga chakudya pafupifupi maola 4, firiza yodzaza maola 48, yatheka 24. Nyama yosungunuka koma ikadali yozizira iphikeni tsiku lomwelo. Yofunda itayeni, ngakhale mtima ukupweteka.

Ndipo mukaikonza n'kuganiza zoitumiza kumudzi pa thiraki yodzera ku Beitbridge ndi Mwanza, pemphani kuti iyende choimirira. Ikagonekedwa, mafuta a mu kompulesa amalowa m'mapaipi. Imbirani amayi muwauze kuti ikafika aiimike tsiku lathunthu asanailumikize, ngakhale adzukulu atalirira madzi ozizira.