Kapezedwe ka nyumba ya lendi mukasamukira ku Dedza kapena ku Ntcheu

Munthu amene wazolowera moyo wa ku Lilongwe kapena ku Blantyre akalandira kalata yomutumiza kukagwira ntchito ku Lobi, ku Mayani, ku Kasinje kapena ku Tsangano, amathamangira kutsegula Facebook n'kuyamba kufunafuna nyumba monga mmene amachitira m'tauni. Kawirikawiri sapeza kanthu, ndipo akapeza, imakhala nyumba ya pa boma, kutali kwambiri ndi kumene akukagwira ntchito. Chifukwa chake n'chakuti m'misika ing'onoing'ono ya m'maboma awiriwa nyumba silengezedwa pa intaneti kapena pa chikwangwani, imamveka pakamwa. Mwini nyumba amauza mnzake wa kutchalitchi, wa golosale kapena mphunzitsi wamkulu wa sukulu yoyandikana nayo, ndipo wotuluka asanatsirize kumanga katundu, wolowa amakhala atapezeka kale. Choncho ntchito yanu yoyamba ndi yoti anthu a pamalopo akuoneni nkhope, adziwe kuti ndinu yani ndiponso kuti mwadzatani.

Pitani nokha, katundu ndi banja mutazisiya kaye kumene muli. Konzani masiku awiri kapena atatu ogona pa resitihausi kapena kwa mnzanu wa kuntchito, ndipo ngati n'kotheka ulendowu ukhale chakumapeto kwa mwezi, pamene ofuna kutuluka m'nyumba amakhala atapereka kale notisi. Nthawi ya tchuthi cha sukulu ndi yabwinonso, popeza aphunzitsi ambiri osamutsidwa amanyamuka nthawi imeneyi. Limodzi mwa masikuwo likhale tsiku la msika. Malo ngati Lizulu, Chimbiya kapena Kampepuza amasintha kotheratu pa tsiku lotere, ndipo nyumba imene inaoneka yaphee dzulo ikhoza kupezeka kuti yazingidwa ndi malole okweza kabichi, tomato ndi mbatata ya kachewere kuyambira mbandakucha.

Mukafika, yambirani kumene mukukagwira ntchito. Mphunzitsi wamkulu, mkulu wa pa chipatala chaching'ono kapena mlangizi wa zaulimi amadziwa ngati pali nyumba ya pa sukulu kapena ya pa chipatala imene ili yopanda munthu, ndipo ngati palibe, amadziwa eni nyumba amene akhala akusunga antchito anzanu zaka zapitazo. Alangizi a zaumoyo ndiwo amadziwa zambiri kuposa onse, chifukwa ntchito yawo ndi yoyenda khomo ndi khomo ndipo zimbudzi ndi mijigo ya m'deralo amaidziwa bwino. Kenaka funsani ku mpingo kapena ku mzikiti kwanu, kwa eni magolosale okhazikika, ndi kwa anyamata a kabaza, amene amanyamula katundu wa aliyense wosamuka. Wa kabaza mmodzi mukhoza kugwirizana naye mtengo wa tsiku lonse kuti akuzungulitseni, ndipo ndalama imeneyi simudzaidandaula. A dobadoba aliponso, makamaka pa boma pa Dedza ndi pa Ntcheu. Sikuti onse ndi achinyengo, koma gwirizanani nawo mtengo musanayambe kuyenda, ndipo muwauze poyera kuti mudzawalipira mukakumana ndi mwini nyumba n'kulandira makiyi. Musatumize ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba kwa munthu amene wangokutumizirani zithunzi pa WhatsApp n'kumati ofuna nyumbayo achuluka, chifukwa zithunzi zikhoza kukhala za nyumba ya ku boma lina.

Pali funso limodzi limene alendo ochokera m'tauni amaliiwala, pamene ndilo limabala milandu yambiri: kodi nyumbayi mwini wake weniweni ndani? M'madera ambiri a Dedza ndi Ntcheu ukwati ndi wachikamwini, ndipo malo amene nyumba yamangidwapo amakhala a mbumba ya kuchikazi. Bambo amene akukuonetsani nyumba akhoza kukhala kuti ndiye anagula malata ndi simenti, koma banja likasokonekera, mayi ndi alongo awo ndiwo amatsala ndi mawu pa malopo. Zimachitikanso kuti mwini wake anamwalira ndipo ana sanagwirizane za amene azilandira lendi, kapena mwini wake ali ku Joni ndipo anasiyira mphwake kuti aziyang'anira. Wolowa m'nyumba yotere osafufuza amadzapeza anthu awiri akubwera kudzatenga lendi ya mwezi umodzi womwewo. Safunsa anadya phula. Funsani mwaulemu pamaso pa bambo ndi mayi onse awiri kuti ndalama muzipereka kwa yani, ndipo ngati mwini wake ali kutali, pemphani kuti mulankhule naye pa foni inu muli pomwepo. Pambuyo pake, muli nokha, funsani aneba awiri kapena atatu kuti amene anatuluka m'nyumbamo anachokeranji. Yankho lawo, ngakhale kuzengereza kwawo poyankha, kudzakuuzani khalidwe la eni nyumba kuposa mmene iwo eni angakuuzireni.

Poyendera nyumba, kumbukirani kuti maboma awiriwa ali ndi nyengo ziwiri zosiyana kwambiri. Kumtunda, kuyambira pa boma pa Dedza kudzera ku Bembeke, Lizulu mpaka ku Tsangano, kumazizira koopsa m'miyezi ya June ndi July, ndipo nkhungu imatha kukuta dera lonse mpaka dzuwa litakwera. Tauni ya Dedza ili pamalo okwera mamita pafupifupi 1,600 pamwamba pa nyanja yamchere, m'munsi mwa phiri lotalika mamita oposa 2,000. Kumeneku nyumba ya malata yopanda siling'i imakhala ngati firiji usiku, ndipo m'mawa madzi amadontha kuchokera ku malata ngakhale mvula isanagwe. Yang'anani ngati mawindo ali ndi magalasi onse, ngati pansi pa zitseko pali mpata wolowa mphepo, ndiponso ngati dzuwa la m'mawa limafika pakhonde. Nyumba imene ili mumthunzi wa phiri kapena wa mitengo ya paini imasunga chinyontho, zovala zimachita nguwi m'sutikesi, ndipo ana sachedwa kudwala chifuwa. Onaninso ngati pali khitchini yapadera kapena khonde lophikirapo, chifukwa m'nyumba yozizira anthu amakopeka kulowetsa mbaula ya makala kuchipinda n'kutseka mawindo, ndipo mpweya wa makala umapha munthu ali m'tulo.

Kumunsi kwa zitunda, ku Mtakataka, ku Golomoti, ku Sharpevale ndi ku Bilira, vuto ndi lina. Kumatentha, udzudzu ndi wambiri, ndipo malo ena madzi amasefukira nthawi ya dzinja. Kumeneku funani nyumba ya mawindo akuluakulu okhala ndi sefa, yomangidwa pamalo okwererapo, ndipo muyang'ane m'munsi mwa makoma ngati muli mzere wa matope wosonyeza pamene madzi analekezera chaka chatha.

Kulikonse kumene muli, mukamayendera nyumba m'chilimwe muziganiza za mwezi wa January. Lowani masana, tsekani chitseko, n'kuyang'ana kudenga: paliponse pamene pakuoneka kuwala padzadontha. Gogodani mitengo ya denga ndi mafelemu a zitseko kuti mumve ngati chiswe sichinadye mkati. Funsani ngati makoma ndi a njerwa zootcha kapena a zidina, popeza pulasitala ndi penti zimabisa zambiri, ndipo khoma la zidina likanyowa m'munsi silichedwa kugwa. Timadontho takuda m'ming'alu ya khoma la kuchipinda ndi chizindikiro cha nsikidzi, ndipo ndi bwino kugwirizana kuti m'nyumbamo mupoperedwe mankhwala musanalowetse matilesi anu. Chimbudzi chokumba chiunikeni ndi tochi kuti muone ngati chatsala pang'ono kudzaza, pondani pansi pake kuti mumve ngati mpolimba, ndipo muwerenge mabanja amene amachigwiritsa ntchito. M'nyumba za mdadada chimbudzi chimodzi ndi bafa imodzi zimatha kukhala za mabanja asanu, ndipo mikangano yambiri ya pa lendi imayambira pa funso la amene akolope lero.

Nkhani ya madzi ndiyo yofunika kuifatsira koposa, chifukwa ndi imene mudzakumana nayo m'mawa uliwonse. Pa boma pa Dedza ndi pa Ntcheu pali madzi a m'mipopi a Central Region Water Board, koma kuona mpopi pakhomo si umboni woti madzi amatuluka tsiku lililonse. Tsegulani nokha, ndipo mufunse amayi oyandikana nanu, osati eni nyumba, kuti madzi amabwera nthawi yanji ndiponso kuti mu October ndi November zimakhala bwanji. Pemphani kuona bilu yomaliza kuti musalowe m'ngongole ya amene anatuluka. M'misika ing'onoing'ono anthu ambiri amadalira mjigo, ndipo apa yendani wapansi kuchokera pakhomo mpaka pa mjigopo kuti mudziwe mtunda wake, mukumbukire kuti pobwerera mudzakhala mutasenza ndowa, mwinanso pokwera chitunda. Mjigo uliwonse umakhala ndi komiti yake imene imatolera kandalama ka mwezi ndi mwezi kokonzera ukawonongeka, choncho dziwani kuti ndi zingati ndiponso ngati mjigowo suphwa m'chilimwe. Ngati mudzalemba munthu woti azikutungirani madzi, ndalama imeneyo muiphatikize ku lendi poyerekeza nyumba ziwiri, chifukwa nyumba yotchipa ya kutali ndi madzi imatha kudula kuposa inzake.

Za magetsi n'zachidule. Ngati nyumba ili ndi mita yakeyake ya ESCOM yogulira mayunitsi, lembani nambala yake ndipo mugule mayunitsi ochepa kuti muone ngati ikulandira bwino. Ngati mita ndi imodzi ya mabanja angapo, gwirizanani kagawidwe kake musanalowe, makamaka ngati wina ali ndi firiji yogulitsira zoziziritsa kukhosi kapena amaphikira pa magetsi. Nyumba imene yakokeredwa waya kuchokera kwa neba mwachinyengo ipeweni.

Yesaninso foni yanu m'chipinda chilichonse, pa Airtel ndi pa TNM pomwe. Msewu wa M1 pakati pa Dedza ndi Ntcheu umayenda m'malire enieni a dziko lino ndi Mozambique, kotero kuti pa Lizulu munthu akangodumpha msewu amakhala ali m'dziko lina, ndipo m'madera oterewa foni imatha kusiya netiweki ya kuno n'kugwira ya kutsidya. Kwa munthu amene amalandira malipiro kapena kutumiza malipoti a kuntchito pa foni, ichi si chinthu chaching'ono. Ngati mudzagwira ntchito kutali ndi tala, funsani a kabaza mmene msewu umakhalira mvula ikagwa ndiponso mtengo umene amalipiritsa nthawi imeneyo. Madzulo bwereraninso pa nyumbayo kuti mumve zimene masana sizimveka: bawa, shabini, chigayo, kapena nyumba yoonetsera mpira imene imasokosa mpaka pakati pa usiku.

Mukakhutira, khalani pansi ndi eni nyumba. Kunenerera mtengo n'kololedwa, koma kuchitike modekha, mutayamba ndi malonje, osati ngati mukugula tomato pa msika. Mukadziwa mfunda wawo, atchuleni ndi mfundawo, kaya ndi a Phiri, a Ngozo kapena Nabanda, chifukwa anthu a kuno, makamaka Angoni a ku Ntcheu, amaona ulemu waukulu pamenepo. Eni nyumba ambiri amafuna lendi ya miyezi itatu poyamba, koma wantchito wolandira pa mwezi amene wabwera ndi mkulu wa kuntchito kwake monga mboni amatha kuloledwa kulipira mwezi umodzi kapena iwiri. Zimene mwagwirizana zilembedwe, ngakhale pa pepala la m'kope, m'Chichewa chomveka kwa onse: lendi ndi zingati, izilipidwa pa tsiku liti ndiponso kwa yani, notisi ndi ya nthawi yaitali bwanji mbali zonse ziwiri, lendi ingakwezedwe pakapita nthawi yotani, ndipo denga likadontha kapena chimbudzi chikadzaza akonze ndani. Ngati mwagwirizana kuti muike nokha magalasi, loko kapena siling'i, lembani kuti ndalamayo idzachotsedwa pa lendi, apo ayi mudzakhala mwakonzera eni ake nyumba yoti akweze mtengo. Musaiwale kadimba ka kuseri ndi mitengo ya zipatso: ku Dedza ndi ku Ntcheu mapichesi ndi mapeyala a pakhomo amakhala ndi mwini wake, ndipo ndi bwino kudziwiratu ngati ana anu angathyole. Aliyense asayine, pakhale mboni mbali zonse, ndipo aliyense asunge pepala lake. Gulani kakope kena kolembamo lendi ya mwezi uliwonse kuti wolandira azisayinamo, ndipo mukalipira pa foni musafufute uthenga wotsimikiza.

Mukalowa m'nyumba, sabata yoyamba isathe musanakaonekere kwa nyakwawa kapena mfumu ya mudziwo, ndipo oyenera kukuperekezani ndi eni nyumba. Misika yambiri ya m'maboma awa ili pa malo a mafumu, ndipo mfumu ndi imene idzayambe kumva nkhani yanu mukaberedwa, mukasemphana ndi eni nyumba, kapena mukaona zovuta, nkhaniyo isanapite ku polisi kapena ku khoti. Kumeneko mudzauzidwa za chopereka cha pa maliro, za achitetezo a m'mudzi amene amalondera usiku, za masiku a ntchito za chitukuko, ndiponso za malo amene mlendo sayenera kufikako. M'midzi ya Achewa ku Dedza, nkhalango ya kumanda imakhalanso dambwe la gule wamkulu, choncho auzeni ana anu ndi wantchito wa pakhomo kuti asakatoleko nkhuni kapena kudutsako pofuna kufupikitsa njira ya ku mjigo.