Mukafuna kulemba mbiri ya agogo anu, yambirani pa ukwati wawo

Ine ndinachedwa. Agogo anga obereka mayi anakhala nafe kuno ku Linga, ku Nkhotakota, zaka zonsezi, koma ndinayamba kuwafunsa za moyo wawo maso atachita kale chidima. Zomwe ndinatolako zili m'makope awiri a sukulu ndi m'foni. Ngati kwanu kudakali gogo amene ankayenda m'misonkhano ya amayi nthawi yokana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chonde musachedwe ngati ine.

Musapite ndi chipepala cha mafunso ngati a kalembera. Tengani K200. Ine ndinawaika m'manja tili pakhonde, iwo akusenda chinangwa cha kondowole, n'kuwauza kuti mayi ali pa ndalamayo ndi Rose Chibambo. Anatula mpeni pansi.

Koma musanapite, mbiri ya mayiyo muidziwe bwino, poti ndiyo ikatsegule pakamwa. Rose anabadwa mu 1928 ku Kafukule m'boma la Mzimba, ndipo anakwatiwa ndi Edwin Chibambo mu 1947. Ali ku Zomba mu 1952, komwe amuna awo ankagwira ntchito m'boma, anayamba kusonkhanitsa amayi kuti nawonso alankhulepo pa za dziko. Mu 1959 atsamunda anawamanga atangochira kumene, nalowa m'ndende ya Zomba ndi khanda kumanja. Mwanayo anamutcha Gadi. Nditafotokoza zimenezi, agogo sanafunse za ndale ayi. Anafuna kudziwa kuti ana enawo ankawaphikira ndani. Apo m'pamene ndinazindikira poyambira.

Choncho funsani za banja poyamba. "Agogo, ankhoswe anu anali ndani?" Unali ukwati wachikamwini kapena anawatenga chitengwa? Apa pali nkhani yaikulu, chifukwa mayi wokhala pamudzi pawo, pakati pa alongo ake, ankachoka kupita kumsonkhano mosavuta kusiyana ndi mtengwa woyang'aniridwa ndi apongozi. Funsani ngati amuna awo ankalola, ndipo ngati ankakana, mlanduwo unkathera kuti. Funsaninso ana ankatsala ndi yani, kamba wa paulendo ankachokera kuti. Agogo anga ankagulitsa mpunga wopuntha okha, ndalama n'kumanga pa nsonga ya chitenje, agogo aamuna osadziwa kuti zilipo zingati. Mng'ono wawo ndiye ankagona ndi ana. Dzina la mng'onoyo simungalipeze m'buku lililonse, koma popanda iye ulendo sukanatheka, n'chifukwa chake ndinalilemba patsamba loyamba.

Zaka musawavutitse nazo. Okalamba sawerenga ndi manambala, amakumbukira ndi zochitika. Afunseni ngati anakwatiwa njala ya 1949 isanafike kapena itapita, ndi mwana amene anali kumsana pa msonkhano waukulu wa chipani cha MCP umene unachitikira konkuno mu 1960. Kenako mukatsimikize ndi khadi la ubatizo kapena chikalata cha ukwati kutchalitchi. Ngati banja lanu ndi lachisilamu, akuluakulu a kumzikiti amakumbukira zambiri.

Muzikhala awiriwiri. Akabwera atsibweni, agogo amasintha mawu, nkhani n'kusanduka ya amuna. Foni muziwauza musanayatse, ndipo akafika pa zowawa, za nkhonya za m'nyumba kapena za achibale amene anatengedwa usiku, izimitseni osadikira kuti akuuzeni. Tsiku lina agogo anangoti zii, akuyang'ana kunyanja. Sindinawakakamize. Anadzaimaliza okha patapita masabata awiri, tikusankha usipa pa lichero.

Chimene ambiri timalakwitsa n'kuthera pa ufulu wa 1964, ngati moyo wa amayiwa unathera pomwepo. Rose Chibambo anakhala wachiwiri kwa nduna, mayi woyamba kufika pamenepo, koma anachotsedwa mu 1964 momwemo nduna zitasemphana ndi Kamuzu. Anathawira ku Zambia, nabwerera kumudzi mu 1994, n'kukhala ku Mzuzu mpaka imfa yawo mu Januwale 2016. Zaka pafupifupi makumi atatu ali kunja, ana akukulira kwa eni! Zimenezinso ndi mbiri. Nanunso funsani kuti misonkhano itatha, agogo anatani. Anga anaphunzira kuwerenga ali kale ndi zidzukulu, kusukulu ya kwacha, kenako n'kumasunga kabuku ka ndalama za amayi a mpingo wa Anglican.

Mukamaliza kulemba, kawawerengereni mokweza, pang'onopang'ono. Ine ndinawawerengera madzulo atatu. Anandiimitsa kawiri: koyamba chifukwa ndinasinthanitsa mayina a ana awo awiri amene anamwalira ali makanda, kachiwiri pondiuza kuti ndifufute mawu amene ananena atakwiya onena za apongozi awo. Ndinafufuta iwo akumva kukhwekhwereza kwa cholembera.