Kuphika manyuchi a nzimbe pa mafuwa

Ku Canada, makamaka ku Quebec, amaboola mitengo ya maple pakati pa Febuluwale ndi Epulo n'kumatchera madzi ake m'ndowa. Madziwo ali ndi shuga wochepa, pafupifupi 2 peresenti, moti malita 40 amatulutsa lita imodzi yokha ya manyuchi. Mtengowo umakha madzi pokhapokha usiku kukazizira mpaka madzi kuundana, masana n'kufunda. Ku Mchinji kuno zimenezo kulibe, ngakhale mu Juni. Koma m'madimba muli nzimbe, ndipo madzi ake malita 6 mpaka 8 amakwana lita imodzi.

Sankhani nzimbe zokhwima za m'chilimwe. Za m'dzinja zimachuluka madzi, mungothera nkhuni. Dulani nsonga, tayani mfundo zofiira m'kati chifukwa zimawawitsa. Sendani, duladulani, sinjani mumtondo wotsuka bwino, kenako finyani pansalu yoyera. Madziwo asagone. Akakhala maola ochepa chabe amayamba kusasa, ndipo kusasako sikuchoka pophika.

Mphika ukhale wotakata kukamwa, osati wakuya, kuti nthunzi ichoke msanga. Musavundikire, ndipo musadzaze kupitirira theka. Madzi akangotentha, pamwamba pamabwera thovu lobiriwira lakuda. Apa ndiye pagona ntchito. Liwoleni ndi chipande asanabwadamuke, chifukwa likamira manyuchi amada n'kumanunkha udzu. Woleraniwoleranibe mpaka thovu liyere. Pamenepo sonkhezani moto. Malita 8 amatenga maola angapo, malinga ndi mphika ndi nkhuni.

Madzi akatsala pang'ono, mtundu uli ngati tiyi wopanda mkaka, phulani zikuni zina, atsale makala. Ambiri amapsereza apa, poti shuga akakhuthala sachedwa kugwira pansi. Finyiranimo theka la ndimu kuti manyuchi asadzachite mchenga m'botolo.

Kupsa kwake mudziwa bwanji? Tungani ndi supuni, pendeketsani. Akamadontha ngati madzi, sanapse. Madontho awiri akamalumikizana n'kutsika mwaulesi ngati uchi, phulani. Ngati muli ndi choyezera kutentha, musatsate 104°C ya m'mabuku a maple, imeneyo ndi ya malo otsika ngati kugombe la nyanja yamchere. Kuno n'kumtunda, madzi amawira pafupifupi pa 96°C. Yezani kutentha kwa madzi wamba owira tsiku lomwelo, onjezanipo madigiri 4 kapena 5. Mukapitirira mupeza chimwala cha shuga. Mukaperewera, pamwamba padzamera nkhungu.

Sefaninso pansalu akadali otentha, thirani m'mabotolo agalasi owiritsa ndi ouma, tsekani nthawi yomweyo. Botolo lozizira limasweka, choncho liyambe lafunda. Apulasitiki amafota. Mukatsegula, gwiritsani supuni youma ndipo musalisunge nthawi yaitali ngati mulibe firiji.

Pa phala la mgaiwa masupuni awiri akwana. Amakomanso pa chikondamoyo chotentha ndi pa mbatata yootcha, koma mu tiyi fungo la nzimbe limaposa la masamba.